Pomwe Ngalande Yanga Inakhota

Yamikani, tayamba watsamiritsa nkhwangwayo kukhomako, siithawa. Nanunso ana inu, bwerani mukhale apa pamthunzi, mafoniwo alowe m'thumba. Ndamva zonse zimene mwapangana. Mukufuna kugwetsa mtengo wa katope wa kudimba uja kuti muotchere njerwa, mundimangire nyumba yamalata ndisanafe. Mtima wanu ndi wabwino, sindikukana, ndipo dengali likudonthadi, makamaka mbali imene amagona agogo anu aakazi. Koma musanapite kumtengoko mumve kaye chifukwa chake ngalande ya m'munda mwathu, imene yatsika mowongoka kuchokera kumtunda, ikangoyandikira katopeyo imakhota ngati chikwakwa. Inu mumanong'onezana kuti agogo anakumba ataledzera. Sindinaledzere ayi. Ndinali mkamwini.

Ine kwathu ndi kuseri kwa mapiri a Ntchisi, mukudziwa. Kuno ndinabwera ndi mphasa, khasu ndi buluku limodzi, kutsatira agogo anuwa a Nabanda, amene ndinawaona koyamba pa tchalitchi ku Mtengowanthenga atavumbwa ndi mvula, tsamba la nthochi lili kumutu. Tadala, usaseke, ambulera wathu anali ameneyo, ndipo sankabedwa.

Masiku amenewo kuvumbwa sinali nkhani. Mvula inali ndi mwambo. Okutobala akamatha kunkagwa ya chizimalupsa, yodzaziziritsa phulusa la m'tchire ndi kukumbutsa aulesi kuti amalize kugalauza. Novembala inkabwera yodzalira. Ikafika Januwale ndiye mawawa, sabata yathunthu dzuwa osaliona. Mchere unkasungunuka wokha m'chikho, machesi tinkawasunga m'khwapa kuti asazizire, malaya anga a ukwati anachita nguwi ndisanawavale kachiwiri. Nkhungu inkatsika m'phiri mpaka pakhomo, mbuzi yako umaizindikira ndi kulira kokha. Bowa tinkabwera naye m'malichero mpaka ana kuyamba kumukana. Popita ku tchalitchi panali mitsinje itatu, ndipo amuna tinkawoloka buluku lili pamutu, azimayi akuyang'ana kumbali. Lero inu mumadutsa pomwepo ndi nsapato zoyera, osadziwa n'komwe kuti mwawoloka mtsinje.

Musamve ngati kale kunalibe chilala. Chinaliko, bambo anga ankasimba za chaka chimene anthu anakumba zitsa za nthochi n'kudya. Koma chinali mlendo, chinkabwera n'kupita, anthu n'kukhala zaka akuchisimba. Si ngati lero pamene chinamanga nyumba pakati pathu ndipo sititchulanso.

Tsono za ukamwini. Nthawi yathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana m'maso, sankayandikirana, sankalankhulana. Mukakumana m'njira, mkamwini ankapatukira kutchire, kaya kuli minga kaya kuli chitedze. Ine chitedze cha m'mudzi muno chinandidziwa bwino. Ukakhala ndi mawu unkauza mkazi wako, iye n'kukauza mayi ake, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Ndipo panjirapo mawu ena ankagwa, chifukwa agogo anuwa anali ndi sefa wawo. Lero Yamikani amakweza apongozi ake panjinga yamoto, iwo atamugwira m'chiuno mpaka ku Dzaleka, akukambirana mtengo wa feteleza. Ine ndikanangofa pomwepo.

Apongozi anga anali a Nankhoma, munthu wamfupi ngati mtondo, wosachedwa ndi mawu, kabotolo ka fodya wam'mphuno kali pansonga ya chitenje. Atandilandira anandilozera munda kunsi kwa mudzi, m'mphepete mwa dambo. Ndikuti analozera agogo anu, agogo anu n'kundilozera ine. Ana inu, umenewo sunali munda, linali lowe lenileni. Ukaponda, mwendo unkalowa mpaka m'bondo, potuluka n'kutuluka ndi msundu. Chimanga chinamera bwino, chinafika m'bondo, n'kuchita chikasu, n'kuima pomwepo. Chaka choyamba ndinakolola madengu atatu a tizimanga tonga zala. Chachiwiri, awiri. Kumowa anayamba kunena kuti mkamwini wa a Nankhoma salima, akuweta achule. Ndipo amene ankaseka kwambiri anali a Venansiyo, mkamwini mnzanga amene anakwatira akulu awo a agogo anu. Iwo munda wawo unali kunsi kwa wathu, potsetsereka, pouma bwino.

Zinkandiwawa, ndipo ndinkaopa. Mkamwini wosadzaza nkhokwe sankamukalipira ayi, ankangopeza mphasa yake yapindidwa bwinobwino ili pakhonde. Ine kubwerera ku Ntchisi ndi buluku lomwe lija, kusiya a Nabanda ali ndi mwana kumbuyo, ndinati zimenezo ayi.

Nzeru ndinaitenga ku esiteti ya fodya kumene ndinagwirako ganyu ndili mnyamata. Kumeneko ndinaona kuti madzi ukawakumbira njira amachoka. Ndinapota chingwe cha khonje, kukhoma zikhomo kuyambira kumtunda mpaka kumalire ndi a Venansiyo, mzere wowongoka woti ngakhale mlangizi akanavula chipewa. Tinaitana dima, agogo anu anaphika thobwa mbiya ziwiri. Tsiku loyamba kunabwera amuna ambiri, nyimbo zili pakamwa. Tsiku lachiwiri thobwa linali litatha, ndipo aliyense anali ndi maliro kwawo. Ndinatsala ine ndi khasu langa. Ndinakumba chilimwe chonse, matuza kuphulika, ena kumera pamwamba pa anzawo. M'mbali mwake ndinadzala bulugama, popeza ndinamva kuti amamwa madzi ngati ng'ombe. Ndipo ndisakubiseni, madziwo ndinkawalankhula. Akamatsika m'ngalandemo ndinkawauza kuti pitani, musadzabwerenso, kuno kulibe abale anu. Agogo anu amati anamva okha ndi makutu awo, ndipo madzinso anamva.

Vuto linali limodzi. Chingwe changa chinkadutsa pa katope uja. Nthawi imeneyo kanali kamtengo konenepa ngati mpini wa khasu, ndipo pansi pake panali kasupe wosaphwa, pomwe apongozi anadzala koko wawo. Ine ndinaona kuti mdani wanga weniweni ndi kasupe ameneyo. Ndinati ndidula kamtengoko, nding'ambe kasupeyo pakati, madzi onse agwere m'ngalande. Mwaulemu wake ndinatuma agogo anu kuti akauze mayi. Anapita, anakhalitsako ndithu, pobwera ndinawafunsa kuti atani.

"Akuti amva," anatero agogo anu, n'kulowa m'nyumba.

Ine ndinayesa chilolezo. M'mawa mwake ndafika ndi nkhwangwa, ndikupeza a Nankhoma ayala mphasa pachingwe changa penipeni, atsamira kamtengoko, andifulatira, akuswa mtedza. Miyendo yanga inabwerera yokha. Ndinakaima patali, ndinavula chipewa, ndinatsokomola. Zii. Ndinatsokomolanso. Kungomveka mtedza, thwa, thwa. Ndinatsokomola mpaka kukhosi kunachita zilonda, munthu wodutsa n'kundilangiza kuti ndipite kuchipatala.

Mawa lake ndinalawira mame asanagwe pansi. Anali atafika kale, ndi dengu lina. Mkuja chimodzimodzi. Mtedza wawo utatha, azimayi a m'mudzi anayamba kubweretsa wawo, mpaka wa ku Dzoole unabwera kudzasweka pachingwe changa. Ndinatumanso agogo anu kuti akafunse ngati mayi sangasunthe pang'ono pokha. Yankho linabwera loti dzuwa la pamenepo likugwirizana ndi msana wawo. Ukanatani iwe? Munthu sungamukankhe, sungamulankhule, sungamuyang'ane. A Venansiyo ankabwera tsiku lililonse kudzakhala pachulu kuonerera, atanyamula nzimbe.

Sabata zitatu zinatha, mitambo n'kuyamba kusonkhana kumapiri a kwathu. Ndinagonja. Ndinazula zikhomo, kukhotetsa chingwe, ngalande n'kuzungulira. Mukapita mukayese ndi mapazi kuchokera pamtengo kufika pangalande. Umenewo ndi mtunda umene mkamwini amaima akaona apongozi ake, sindinawonjezere kapena kuchotsa.

Ndipo ngalandeyo inagwira ntchito, eee! Munda unauma bwino, chimanga chinandipitirira msinkhu, ndinamanga nkhokwe yachiwiri. Ndinayamba fodya, ndinagula njinga, ndinagula wailesi, mabuluku anafika atatu. Dzina langa la ubatizo linaiwalika, aliyense ankangoti a Ngalande, ndipo ndinkayankha chifuwa chili patsogolo. Anthu ankachokera kutali kudzaona, ena n'kukakumba zawo. A Venansiyo anasiya kuseka chifukwa madzi anga onse ankathera m'munda mwawo, kukokolola mizere, ndipo zaka zingapo moni wathu unali wa mphuno. Chimene chinkandiwawa n'chimodzi, pokhota paja. Alendo ndinkawayambitsa kumtunda, tikatsala pang'ono kufikapo ndinkati tiyeni tibwerere, tiyi akuzizira.

Apongozi anamwalira bambo ako Tadala ali kusukulu ya pulayimale. Maliro atatha ndinati tsopano ndikawongola ngalande yanga. Ndinanola nkhwangwa, ndinatsika kudambo. Nditangoona mtengowo, ndinapezeka ndapatukira kutchire, chipewa chili m'manja. Ndinabwerera, ndipo agogo anu ndinawauza kuti mpini unali wogwedera.

Kuuma sikunabwere tsiku limodzi, n'chifukwa chake sitinakuone. Mvula ya chizimalupsa inayamba kudumpha zaka, ife n'kumati ibwera chaka chamawa. Kudzala kunasunthira mu Disembala, zaka zina tinadya Khirisimasi mbewu zikadali m'thumba. Mawawa aja anatha osatsanzika. Mvula ya masiku ano imabwera ngati munthu wodzalalata, maola awiri mabingu ndi mphepo, kugumula mizere, kusasula madenga, n'kupita. Kenako ng'amba sabata zitatu, chimanga chapota masamba ngati anyezi, iwe uli pakhonde khosi lawawa ndi kuyang'ana kumwamba. Chimanga chamakolo, chija cholimba chosafumbwa msanga, tinachisiya chifukwa chinkafuna mvula ya miyezi isanu, ndipo ya miyezi isanuyo tikaitenga kuti? Tinayamba kudzala kawiri, nthawi zina katatu. Achule aja ankati ndikuweta anasamuka onse. Tadala pano ukaona nkhanu umakuwa, pomwe ife inali ndiwo ya tsiku lililonse.

Ngalande yanga sinamve kuti nyengo yasintha. Inapitiriza ntchito imene ndinaipatsa. Kadontho kalikonse kakagwa m'munda mwanga, iyo imakanyamula msangamsanga kupita nako kunsi. Ndi mvula yaukaliyi inakula, inazama, inasanduka chigwembe chimene mukuchionachi. M'menemo munagwera mbuzi ya a katekisiti, munagweranso ine ndikuchokera ku ukwati, ndipo tsiku limenelo lokha ndi limene munganene kuti ndinalawako. Bulugama ndinamudula, anaphukira, ndinamudulanso, anaphukiranso, akumwabe. Munda umene mwendo unkalowa mpaka m'bondo, lero khasu limalira ngati wamenya chitsulo.

Nanga a Venansiyo? Nkhalamba yochenjera ija inakumba dziwe pomwe chigwembe changa chimathera. Madzi anga onse amaima pamenepo mpaka Ogasiti. Pano amalima tomato ndi kabichi, adzukulu awo n'kumakagulitsa ku Dzaleka. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi amandigwira dzanja ndi manja awiri, pamaso pa anthu, n'kunena kuti zikomo a Ngalande, madzi anu ndalandira. Akatero amatulutsa tomato m'thumba la jekete n'kundipatsa. Mmodzi. Ndimalandira, nanga n'kutani, ndiwo zimavuta.

Tsiku lina ndinakhala apa pomwe pano, ndili wokhumudwa, ndinauza agogo anu kuti ine ndi amene ndaumitsa dziko lino. Ndinkayembekeza kuti anditonthoza. Iwo osasiya n'komwe kupeta, anati:

"Musadzikweze, bambo. Mvula yakana kuyambira ku Dzoole mpaka kwanu ku Ntchisi, kumenekonso munakakumbako? Inu mwangoumitsa munda wa mayi anga basi."

Ankanena zoona. Madambo amene sanaonepo khasu langa nawonso anauma. Alangizi amati nyengo yasintha dziko lonse lapansi, ndipo mapiri aja ankagwira nkhungu tinawameta tokha, mitengo inathera ku zigafa za fodya, ku makala ndi ku njerwa, Yamikani, ku njerwa. Zamtambo sindingazithe ine. Koma za m'munda mwangamo, mwini wake wa mlandu ndikumudziwa, ndimamumeta ndevu m'mawa uliwonse.

Ena mwa inu mukukumbukira chaka chija mjigo wa pasukulu unayamba kutulutsa mpweya wokhawokha mu Okutobala. Azimayi ankapita kutali ndi zidebe, kubwera dzuwa lili paliwombo ndi madzi ofiira. Agogo anu anangotenga khasu, osandiuza, n'kutsika kudambo. Ndinawatsatira chapatali. Anakagwada pansi pa katope, pomwe panali koko wa mayi awo, anakumba kulekeza m'chigongono. Dothi linayamba kuda. Anakumbanso pang'ono, madzi n'kuyamba kusonkhana, oyera, ozizira. Dambo lonse linali fumbi, ana inu, kupatula kachigawo kamene ngalande yanga inakazungulira. Mudzi wonse unamwa pamenepo mpaka mvula inagwa, ndi a Venansiyo omwe, dziwe lawo litang'ambika pansi. Mpiru ndi nyemba zimene mwadya masana ano zachokera pomwepo.

Tsiku lomwelo, tikukwera mtunda, ndinafunsa agogo anu chinthu chimene ndinachisunga zaka zonsezi. Ndinati kodi tsiku lija ndinakutumani za kudula mtengo, munakhalitsa chonchija, mayi anangoti amva basi? Anatula chidebe, n'kuyamba kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Akuti mayi analankhula mpaka phala linapserera. Akuti anati kasupe ameneyo amayi awo anamuona chaka cha njala, dambo lonse litauma, iye yekha ali moyo, ndipo ndi amene anasunga mudzi uno. Anati madzi amayenda ndi zaka zake, lero achuluka, mawa mudzawafuna ndi nyali. Ndipo anamaliza ndi mawu awa, amene agogo anu anawasunga osataya ndi limodzi lomwe:

"Ukamuuze mwamuna wakoyo kuti wabwera dzulo. Mutu wake uli ngati khasu lakelo, umangodziwa kukumba."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji simunandiuze. Anati ndikanakuuzani mukanapinda nokha mphasa kubwerera ku Ntchisi, ndipo ine ndinkakufunani, ndi mutu wanu womwewo.

Zinandilasa, ana inu. Zaka zonsezo ndinkasunga chakukhosi ndi munthu amene anakhala sabata zitatu padzuwa, msana ukumuwawa, kutchinjiriza madzi amene adzukulu anga adzamwe. Ndipo sindinawathokozepo, ngakhale kudzera mwa mwana wawo. M'mawa mwake ndinavala jekete la ku tchalitchi, ndinatsika kudambo ndekha. Ndinaima m'mphepete mwa chigwembe, pokhota paja, chifukwa kupitirira pamenepo miyendo imakanabe. Ndinavula chipewa, ndinayang'ana kumbali, ndinatsokomola kamodzi. Kenako ndinalankhula, koyamba m'moyo wanga, kwa apongozi anga. Ndinati mayi, ndine mkamwini wanu wa ku Ntchisi uja. Munali olondola. Pepani, ndipo zikomo.

Sindinadziwe kuti kuseri kwa mtengoko kunali munthu akutunga. Ndinangoona agogo anu akudzuka pang'onopang'ono, chikho chili m'manja. Anandiyang'ana ine ndi jekete langa, anayang'ana mtengo, ngati akumvetsera. Ndinayesa andiseka mpaka mudzi wonse umve. Sanaseke. Anangoti:

"Akuti amva."

Ndiye ndi zimenezo. Nyumba yamalata ndikuifuna, sindine wopusa, koma osati yootchera mtengo umenewo. Mukaugwetsa, mthunzi uchoka, kasupe aphwa, ndipo mudzakhala m'nyumba yokongola mukumwa madzi ogula kwa a Venansiyo. Dengali tiikapo pepala ndi mitolo iwiri ya udzu. Komanso masiku ano denga likadontha ine sindidandaula, ndimangosuntha mphasa n'kuthokoza Mulungu kuti yagwa.

Mphamvu zimene mwabwera nazozi ndili nazo ntchito. Ngalande imene ndinaikumba chilimwe chimodzi, ndakhala zaka zitatu ndikuikwirira ndekha, ndipo ndangofika pa bulugama wachiwiri. Ndikuika miyala mopingasa, malo ndi malo, kuti madzi akamatsika apunthwe, akhale pansi, alowe m'nthaka. Ndimawalankhulabe, musaseke, koma tsopano ndimawauza kuti khalani, pano m'pakwanu. Tadala ndi anzako mutenge madengu, miyala ili kuseri kwa khola. Iwe Yamikani, nkhwangwayo ibwerere kumene waitenga, ukabwereke wilibala. Ndipo ukamatsika nayo, ukafika pa katopepo, upatuke pang'ono ndi kuvula kachipewa kakoko. Pali munthu wakhala pamenepo.